Kamtima kakuphethira pa mashini a BP, ndisiye mankhwala?

FUNSO: Adokotala, ndili ndi zaka 58 ndipo ndimamwa mankhwala a BP, okodzetsa aja. Mwana wanga ananditumizira kamashini koyezera BP kuchokera ku Joni, ndiye masiku ano kakumaonetsa kachizindikiro ka mtima pambali, nambala ya kugunda kwa mtima mwina 68 mwina 110 chonsecho ndangokhala. Usiku mtima umachita ngati wadumpha. Anzanga akuti ndi mankhwalawo, ndisiye. Mayi wa ku Ndirande.

YANKHO: Mayi, mankhwalawo musasiye ayi, anzanuwo akukufunirani zabwino koma apa aphonya.

Mtima wabwinobwino sugunda ngati wotchi. Mukakoka mpweya umafulumira pang'ono, mukatulutsa umabwerera, ndipo kusinthasintha kumeneko nkwabwino, moti anthu a BP nthawi zambiri kumawachepera. Munthu wamkulu ali phee umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi. Koma zanuzi, 68 kenako 110 osayenda osanyamula kanthu, kuphatikiza kamtima kophethirako, ndi nkhani ina.

BP ikakhala yokwera zaka zambiri mtima umapopa movutikira, mnofu wake umakhuthala, chipinda chakumtunda chakumanzere chimatanuka, ndiye magetsi ake amasokonekera. Chomwe timaopa kwambiri ndi atrial fibrillation, pomwe zipinda zakumtundazo zimangonjenjemera mmalo mopopa, magazi nkuundana mkatimo, kachibulumako kakapita ku ubongo basi sitiroko. Matendawa amachulukitsa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu, ndipo ena samva chilichonse.

Mankhwala okodzetsa ngati HCTZ amatha kutsitsa mchere wotchedwa potassium mthupi mtima nkumadumpha, zoona, koma woyeza magazi nkusintha mankhwala ndi dokotala. Kuchepa magazi, chithokomiro, mowa ndi ma energy drink nazonso zimachititsa.

Mawa mmawa musanamwe tiyi khalani pansi mphindi zisanu, ikani zala ziwiri pamkono mmunsi mwa chala chachikulu, muwerenge mphindi yathunthu. Mvetserani ngati kugundako kukutsatana bwino kapena kukungobwera mwachisawawa, mulembe mu buku lanu la kuchipatala limodzi ndi manambala a mashiniwo. Kamashiniko kamangokayikira chabe, nthawi zina kamanama mukamayankhula kapena kugwedeza mkono, chotsimikiza ndi ECG, kuyeza kwa kuchipatala kojambula magetsi a mtima. Inu muli pafupi ndi Queens, pitani sabata yomweyi ku kiliniki yanu ya BP mukapemphe akutumizeni kukayezedwa ECG, kamashiniko mutenge. Akapeza atrial fibrillation mwina akupatsani mankhwala oletsa magazi kuundana ngati warfarin, musati mungogula aspirin pa golosale nkumati mwathana nazo, sakwanira.

Koma mukamva kuwawa pachifuwa, befu, chizungulire chofuna kukugwetsani, kapena pakamwa papotoka, mkono wafooka, mawu sakutuluka bwino, musadikire kuche, pezani galimoto nthawi yomweyo.