Asanakutumizireni theka musavale kositumu

Achimwene, mwangoti okonza shoo amene akuitanani kukaseketsa anthu akuti malipiro akakupatsani shoo ikatha, ine mtima wayamba kale kuwira. Mawu amenewo ndinauzidwapo.

Inali Disembala, nthawi imene anthu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amadzaza malo ogona alendo a kunyanja kuno ku Mangochi, kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear. Mkulu wina wokonza mashoo anandiimbira kuti ndilembe timasewero, ndibwere ndi anyamata anga tidzaseketse anthu oimba asanakwere. Ndinkalemba mpaka tambala kulira, za akabaza a pa boma, za apongozi oopa bwato, za mnyamata wobwera ku Joni amene waiwala dzina la usipa. Zovala ndinabwereka, minibasi ndinalipira ndekha.

Titangokwera pa steji magetsi thii! Jenereta akuti ilibe mafuta. Mkulu uja anangotikodola kuti pitirizani, anthu angabalalike. Tinasewera chokuwa, mafunde akumeza mawu, anthu akutiunika ndi matochi a mafoni, chidakwa china kutsogolo chikungoti tikufuna nyimbo ife. Botolo linadutsa pafupi ndi khutu la mnzanga amene ankasewera ngati gogo. Anthu atayamba kuseka zenizeni magetsi anayaka, ndipo DJ anatidula pakati pa chiganizo, osatipatsa ngakhale mpata wotsanzika.

Ndiye kusaka mkulu uja. Ku geti akuti ali ku bala, ku bala akuti waperekeza alendo, foni yathimitsidwa. Alonda anatitulutsa poti tinalibe chipinda. Tinakhala m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay mpaka m'bandakucha, ufa uli kumaso, udzudzu ukutidya, mayi ake a mwana wina wa m'gulu akundiimbira kuti mwana wanga mwapita naye kuti. Tinabwerera pa matola, ndalama yake tinachita kukongola kwa wootcha chipisi. Patapita masabata ndinaona sewero la apongozi lija pa Facebook, akusewera anthu ena, amene anaika ndi mkulu yemwe uja. Dzina langa panalibe. Munthu wopanda manyazi, mpaka lero tikakumana pa boma amandipatsa moni ngati mbale!

Chimene chimandipweteka n'chakuti woimba amalipidwa, wa zokuzira mawu amalipidwa, wootcha nyama amalipidwa, koma wanthabwala amauzidwa kuti watchuka. Chonsecho John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo aja, anaseketsa dziko lonse lino. Michael Usi, Manganya yemweyo, anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Daliso Chaponda anafika pa nambala 3 pa mpikisano wa luso wa pa TV wa Britain's Got Talent mu 2017. Koma kuno amationabe ngati ana ongosewera.

Inu muwauze atumize theka pa Airtel Money kapena Mpamba musananyamuke, ndipo mtengo aulembe pa WhatsApp, osati pakamwa. Zimene mwalemba musapatse munthu zonse. COSOMA, bungwe loteteza ntchito za aluso, ilipo kuyambira 1992 ndipo lamulo latsopano la zokopera linabwera mu 2016, kafunseni zolembetsa masewero anu. Nthabwala za chipembedzo zisiyeni, kuno Asilamu ndi Akhristu amakhala pa benchi imodzi. Muponyemonso Chiyao pang'ono, anthu amakulandirani msanga.

Komatu akakana kutumiza thekalo, musafulumire kukana inunso. Mumdima muja munali mayi ena a ku Namwera amene anasaka nambala yanga kuti ndikayendetse mwambo wa ukwati wa mwana wawo, ndipo kuyambira pamenepo maukwati ndi amene akundidyetsa. Ndiye pitani, kungoti ndalama yobwerera ya gulu lonse ikhale m'thumba mwanu, ndipo wina ajambule sewerolo pa foni, muliike nokha usiku womwewo.