Kwa achemwali amene afunsa za gulu la ikebana

Achemwali, mwafunsa ngati n'kwanzeru kulowa gulu limene limakumana kuholo ya kwanuko n'kumaphunzitsana kukonza maluwa mwa Chijapani, poti inuyo mumakongoletsa kale maukwati ndi kutchalitchi. Lowani ndithu. Koma mudziwiretu kuti dzanja lozolowera kudzaza vazi limavutika masabata oyambirira, ngati mmene linavutikira langali.

Tsiku loyamba ndinapita ndi marozi khumi ndi awiri. Aphunzitsi anatengapo atatu okha, ena onse anawabweza mundowa, kenako anandituma panja kuti ndikadule nthambi ziwiri zopindika pa mpanda. Mtima unandiwawa, poti ndalama ndinali nditawononga. Koma titamaliza, ndinaona koyamba kupindika kwa phesi limodzi, ndi mpata wopanda kanthu pakati pa nthambi, umene m'Chijapani amati "ma". Mpatawo amausamala ngati duwa lenilenilo.

Luso limeneli amalitcha ikebana, ndipo linachokera ku mwambo wopereka maluwa kwa Buddha m'makachisi. Lili ndi masukulu angapo, kutanthauza magulu amene ali ndi kaphunzitsidwe kawokawo. Sukulu yakale kwambiri ndi Ikenobo, ya ansembe a kachisi wa Rokkakudo ku Kyoto, ndipo zolembedwa za 1462 zimatchula kale wansembe Ikenobo Senkei kuti anali katswiri. Ya Ohara ndi imene inabweretsa moribana, kuimika maluwa m'mbale yosaya. Ife timatsata Sogetsu, imene Sofu Teshigahara anayambitsa mu 1927 pophunzitsa kuti aliyense angathe kuchita ikebana kulikonse ndi chilichonse. Ndiye mukapita, funsani kuti gululo limatsata sukulu iti, chifukwa malamulo amasiyana. Funsaninso ngati lili pansi pa Ikebana International, bungwe limene Ellen Gordon Allen anakhazikitsa ku Tokyo mu 1956, lomwe limasonkhanitsa anthu a masukulu osiyanasiyana.

Ku Sogetsu mumayamba ndi nthambi zitatu: shin, soe ndi hikae. Muyeze kutambalala kwa mbale, muwonjezerepo kuya kwake, ndiye shin italike kamodzi ndi theka kuyerekeza ndi muyezowo. Soe imafupikirapo, hikae n'kufupikiranso. Zonse mumazibaya pa kenzan, kachitsulo kolemera kodzaza ndi timisomali toloza kumwamba, ndipo iliyonse imapendekera mbali yakeyake. Phesi mumalidulira m'madzi kuti mpweya usalowe n'kutsekereza njira ya madzi. Ichi chokha chinandisinthira ngakhale maluwa a pa guwa, tsopano amakhalitsa.

Wina anganene kuti zonsezi zili pa YouTube. Zilipodi, koma vidiyo singagwire nthambi yanu. Tsiku lina ndinakhala ola lathunthu ndikulimbana ndi nthambi imene inkangooneka yogona. Aphunzitsi anafika, anaipotoza pang'ono chabe kuti masamba ayang'ane kumwamba ngati akufuna dzuwa, anabudula masamba awiri, ndipo nthambi ija inadzuka. Pagulu mumaonanso mmene anthu asanu ndi atatu agwirira maluwa ofanana, aliyense n'kutulutsa zake, ndipo pomaliza mumazungulira tebulo lililonse kumvetsera aphunzitsi akukonza za mnzanu.

Za ndalama musade nkhawa kwambiri. Chofunika kugula ndi kenzan imodzi ndi sizasi yolimba yodulira nthambi. Mbale yosaya ya kukhitchini ikukwanirani poyambira, ndipo nthambi mukadule pakhomo panu m'mawa dzuwa lisanakwere, muziike m'madzi mpaka nthawi yonyamuka.