Chimbudzi mwamanga, tsopano a zaumoyo akukana kusaina

Bambo a ku Mabvuku, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, mwalemba kuti amalume anu adakupezerani malo pa malo ochitira malonda m'boma la Goromonzi polipira kwa sabhuku (nyakwawa ya mudzi), inu mwamanga golosale ndi butchala mpaka kufolera, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa pa chipatala cha m'deralo wakana kuvomereza laisensi chifukwa chimbudzi chayandikana ndi mjigo. Mukuti munthu yemweyo adafika mukukumba maziko n'kunena kuti zonse zili bwino.

Adalemba pena pake? Ngati ayi, mawu akewo sakuthandizani kwenikweni, ku khonsolo ngakhale kubwalo la milandu. Apa ndi pamene milandu yambiri yotere imagwera. Lamulo la mapulani la Regional, Town and Country Planning Act limafuna chilolezo cha khonsolo ntchito yomanga isanayambe, ndipo mapulani a nyumba yogulitsira zakudya amayenera kudutsa kwa a zaumoyo kuti adinde. Pepala lofunika kwambiri ndi losonyeza pamene pakhale chimbudzi, thanki ya zonyansa, dzenje lomwera madzi oipa, dzala ndi mjigo kapena chitsime, ndi mamita olekanitsa zimenezi. Anthu amasamala za zitseko ndi mawindo, pepala ili n'kulisiya. A zaumoyo kawirikawiri amafuna mamita osachepera 30 pakati pa chimbudzi cha dzenje ndi potunga madzi, chimbudzicho chikhale kumunsi, ndipo pa dothi la mchenga kapena pamene madzi ali pafupi pansi angafune oposa pamenepo. Muyesowu suyambira pa mjigo wanu wokha. Chitsime cha mnzanu kuseri kwa mpanda chimawerengedwanso.

Chinanso, thanki ndi mapaipi zimayenderedwa zisanakwiriridwe. Mukathira simenti woyendera asanaone n'kusaina, angathe kukuuzani kuti mufukule. Zimandinyansa kuti ogwira ntchito ena amafika pamalo, kugwedeza mutu, n'kumapita osasiya kakalata, podziwa bwino kuti tsiku la laisensi adzafunsa mapepala. Komabe nkhawa yawo pa madzi njomveka kwa aliyense amene adaona kolera ya 2008 kapena ya 2018 ku Glen View ndi Budiriro mu Harare.

Za amalume anu sindingazibise. Malo a kumudzi ali pansi pa Communal Land Act, ndipo sabhuku alibe mphamvu yowagulitsa. Malo a malonda amaperekedwa ndi khonsolo ya boma, mwa pangano la lendi lolembedwa. Ngati dzina lanu mulibe m'kaundula wa Goromonzi Rural District Council, vuto la chimbudzi ndi laling'ono poyerekeza ndi limeneli. Pitani mukaone nokha, musatumenso wachibale.

Njira ilipo, ngakhale sindingalonjeze mathero ake. Gawo 27 la lamulo la mapulani lija limalola kupempha kuti chomangidwa popanda chilolezo chivomerezedwe. Khonsolo ikhoza kuvomera, kuika zoti mukonze, kapena kukana, ndipo pamakhala ndalama zolipira. M'nkhani ngati yanu, kugwetsa chimbudzi n'kumanga china pamalo oyenera kumatsika mtengo kusiyana ndi kulimbana. Mukalandira kalata yolamula kuti muime kapena mugwetse, muonane ndi loya sabata yomweyo, chifukwa nthawi yochita apilo kubwalo la Administrative Court ndi yochepa.

Pakali pano lembani kalata kwa mkulu wa zaumoyo wa m'boma yopempha lipoti lofotokoza chimene chalakwika ndi mamita amene adayeza, ndipo kope lanu alidinde tsiku. Musakumbe dzenje latsopano asanaloze malo molemba. Chimbudzi cha dzenje cha mtundu wa Blair chikhale ndi paipi ya mpweya yotchinga ntchentche pamwamba, cha amuna ndi cha akazi padera, posamba m'manja pakhomo pake. Mjigo ukhale ndi chilolezo cha ofesi yoyang'anira madzi pansi pa Water Act, ndipo madzi ake akayezedwe kulabotale. Mu butchala pansi ndi makoma zikhale zosalala zotsukika, furiji yodalirika, nyama yochokera kophera kovomerezeka yokhala ndi chidindo, ogwira zakudya onse ndi zikalata za kuchipatala. Ngati malowo ali m'dambo, kapena mukuganiza zodzaphera ziweto pomwepo, funsani a EMA, bungwe loona za chilengedwe, musanaonjezere njerwa ina. Ndalama iliyonse muzilipira ku ofesi n'kutenga risiti, ndipo musatsegule shopu laisensi isanatuluke, popeza kutero kumapatsa khonsolo chifukwa china chokukanirani.