Funsani Dokotala: Mphaka wanga wa shuga akuyendera zidendene

Funso: Adokotala, ndili ndi mphaka wamphongo wofula wa zaka 11. Miyezi iwiri yapitayo dokotala wa ziweto anamupeza ndi matenda a shuga ndipo anandipatsa insulini. Ndimamubaya m'mawa mokha chifukwa ndimaweruka mochedwa, ndipo nthawi zina ndimadumphitsa. Amadya nsima yosakaniza ndi usipa komanso chakudya chouma cha m'sitolo. Panopa miyendo yakumbuyo yafooka, akuyenda chokhala ngati akufuna kunjuta, ndipo pampando sakutha kukwera. Mnzanga akuti ndimupatse Panado, ena akuti ndingomugonetsa, ndiko kuti aphedwe ndi jakisoni. Kodi walumala basi? (Mayi wa ku Lilongwe)

Yankho: Mayi, Panadoyo musayerekeze. Chiwindi cha mphaka sichitha kusungunula paracetamol, mankhwala amene ali mu Panado, ngati mmene chathu chimachitira, ndipo piritsi limodzi lokha likhoza kumupha. Brufen nayenso amawononga impso ndi m'mimba mwa mphaka. Zogonetsazonso zisiyeni kaye, chifukwa zimene mwafotokozazi nthawi zambiri zimabwerera m'malo.

Mphaka wabwinobwino amayendera zala, chidendene chili m'mwamba. Shuga akakhala wokwera m'magazi kwa nthawi yaitali amawononga mitsempha yotumiza uthenga ku minofu, ndipo imene imayamba kuvutika ndi mitsempha italiitali yopita ku miyendo yakumbuyo. Minofu ikamalandira uthenga mopereweza imafooka n'kuyamba kuuma, chidendene chimagwa, mphaka n'kumaponda pansi ndi phazi lonse mpaka pa kakolo. Ndiye chifukwa chake wanuyo akulephera kudumpha. Vuto silili m'mafupa, ndipo palibe mafuta otikitira kapena mankhwala a ululu amene angalichotse. Miyendoyo ikukuuzani kuti shuga sanatsike. Akatsika n'kukhazikika, amphaka ambiri amayambanso kuyenda bwino, ena pakatha masabata angapo, ena pakatha miyezi ingapo. Alipo amene amatsala ndi kufooka pang'ono, makamaka ngati shuga anakhalitsa osalongosoka.

Komabe pitani nayeni akamupimenso, chifukwa pa zaka 11 pali zina zofooketsa miyendo: nyamakazi, kuchepa kwa potaziyamu m'magazi, ndi matenda a impso. Ndipo ngati tsiku lina miyendo ingafe mwadzidzidzi, ikuzizira, iye akulira ndi ululu, amenewo si a shuga. Kawirikawiri amakhala magazi oundana amene atseka mtsempha waukulu, ndipo muyenera kuthamanga naye nthawi yomweyo.

Tsopano ku jakisoni, komwe ndikuona kuti ndiko kwagona nkhani yanu. Insulini amene amphaka amapatsidwa, kaya ndi Caninsulin, ProZinc kapena Lantus, kwa amphaka ambiri amafunika kawiri pa tsiku, motalikirana maola 12. Thupi la mphaka limamaliza insulini msanga. Mukabaya m'mawa mokha, pofika usiku mphamvu yake yatha ndipo shuga amagona ali pamwamba mpaka kucha. Sankhani nthawi imene mumakhala pakhomo mosalephera, monga 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo, kapena 8 ndi 8, kapenanso phunzitsani wina wa m'nyumbamo kubaya. Kuchedwa ndi ola limodzi si mlandu. Mukadumphitsa, musabaye kawiri pofuna kubweza, ingodikirani nthawi yotsatira. Koma musawonjezere jakisoni wachiwiriyo panokha mawa. Kambiranani ndi dokotala wanu, chifukwa mlingo wake uyenera kuwerengedwanso.

Yang'ananinso sirinji imene mukugwiritsa ntchito. Caninsulin ndi ProZinc ndi a U-40 (mayunitsi 40 a insulini pa mililita imodzi), pamene Lantus ndi insulini ambiri wa anthu ndi a U-100 (mayunitsi 100 pa mililita imodzi). Mukatunga wa U-100 ndi sirinji ya U-40 mumapereka mlingo wochuluka kawiri ndi theka, ndipo mukatembenuza mumapereka wochepa kwambiri. Anthu amagwa m'mbuna imeneyi masirinji akawathera n'kukagula ena ku famase. Botolo lizikhala mufiriji koma lisaume ndi chisanu. Magetsi akazima musamatsekuletsekule firijiyo, ndipo akakhalitsa ikani botolo m'pulasitiki n'kuliika pamalo ozizira pafupi ndi mtsuko wa madzi.

Nsima ndiye ichoke. Mphaka analengedwa kudya nyama, ndipo ufa wa chimanga ukalowa m'thupi mwake umasanduka shuga amene kapamba wake, chiwalo chopanga insulini chimene chatopa kale, sangathe kulimbana naye. Chakudya chouma cha m'sitolo nachonso nthawi zambiri chimakhala ndi chimanga, tirigu kapena mpunga wochuluka. Chabwino ndi chakudya chonyowa cha amphaka cha m'zitini, chopanda msuzi wokhuthala. Ndikudziwa kuti mtengo wake ndi wolasa. Nkhuku, mazira ndi nsomba zophika popanda mchere kapena anyezi zikhoza kuthandizira, koma usipa wokhawokha si chakudya chokwanira, ndiye dokotala akuthandizeni kasakanizidwe kake. Chenjerani pano: mukachotsa nsima shuga amatsika msanga, ndipo insulini amene anali wokwanira dzulo akhoza kukhala wochuluka lero. Sinthani pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri, dokotala akudziwa. Ngati ndi wonenepa aonde pang'onopang'ono, osamusalitsa chakudya, chifukwa mphaka wonenepa akakhala masiku angapo osadya chiwindi chake chimadzaza mafuta.

Sungani uchi pafupi. Mukamuona akudzandira, akunjenjemera, maso ali gwa, kapena akukomoka, shuga watsikitsitsa. Mupakeni uchi kapena madzi a shuga m'nkhama ndi chala, osamuthira madzi kukhosi, kenako pitani naye kuchipatala. Akasiya kudya, n'kumasanza, ali lefu, imeneyonso ndi ngozi ya mtundu wina imene imadza insulini akaperewera, ndipo siyodikira kuti kuche.

Pakhomo mungathe kuona nokha ngati zinthu zikuyenda. Onani kuchuluka kwa madzi amene akumwa, mikodzo ngati ikuchepa, ndipo muzimuyeza pasikelo kamodzi pa sabata. Kamakina koyezera shuga kamagwira ntchito ndi kadontho ka magazi a m'mphepete mwa khutu. Kuyeza kunyumba kumaposa kuchipatala, chifukwa mphaka akachita mantha shuga wake amakwera ngakhale asakudwala.

Podikira miyendoyo, mupeputsireni moyo. Bokosi lochitiramo chimbudzi likhale lofupika m'mbali, kapena dulani khomo mbali imodzi. Pa simenti yopolisha kapena matailosi yalani mphasa kapena kapeti kuti asamaterereke. Chakudya, madzi ndi pogona zikhale pansi komanso moyandikana, ndipo ngati ali ndi mpando umene amaukonda muikireni kabokosi kokwererapo. Onani zidendenezo tsiku lililonse, chifukwa pamenepo palibe chikopa cholimba ndipo pamatuluka zilonda. Panja asamatuluke yekha, galu akamuthamangitsa sangakwere mumtengo. Madokotala ena amaonjezera vitamini B12 wa mtundu wa methylcobalamin. Sawononga, koma salowa m'malo mwa insulini.

Mukapita kukamupimitsa, funsaninso ngati anapatsidwapo mankhwala a gulu la prednisolone, chifukwa amakweza shuga. Ndipo dziwani kuti amphaka ena amene shuga wawo walongosoledwa bwino m'miyezi yoyambirira amafika posiya kufuna insulini. Wanuyo ali pa miyezi iwiri yokha, choncho sabata ino musaidutsitse musanamuonetse.