Springbank ya zaka 15: kodi ikakhala m'kabati idzawonjezera zaka?

Achimwene ena a ku Lilongwe andilembera imelo. Mwana wawo amene amagwira ntchito ku Glasgow, ku Scotland, wawabweretsera botolo la whisky ya Springbank lolembedwa zaka 15, ndipo ali ndi mafunso awiri. Kodi akalisunga zaka 5 kudikira ukwati wa mwana wawo wamkazi, lidzakhala la zaka 20? Nanga n'chifukwa chiyani mowa wa kampani imene sanaimvepo ukudula kuposa Johnnie Walker Black Label wodziwika paliponse?

Achimwene, pa funso loyambalo yankho ndi ayi. Whisky imakhwimira mu mgolo wa matabwa basi. Mmenemo ndi mmene imatenga mtundu wofiirira ndi fungo kuchokera ku thabwa la oak, kwinaku ukali wake ukuzizira pang'onopang'ono. Ikangothiridwa m'botolo, zaka zaima. Lamulo la ku Scotland limati mowa usatchedwe Scotch ngati sunakhale m'migolo ya oak m'dzikomo zaka zosachepera 3, ndipo nambala ya pa botolo ndi msinkhu wa mowa wamng'ono kwambiri umene walowamo. Ndiye lanulo ndi la zaka 15 lero, ndipo pa ukwatipo lidzakhala la zaka 15 zomwezo.

Kudikira kuti mowa ukhwime mu mgolo kuli ndi mtengo wake. Chaka chilichonse pafupifupi magawo 2 pa 100 a mowa wa mu mgolo amauluka kudzera m'thabwa, choncho pofika zaka 15 mgolo umakhala utaphwa ndithu, pamene mwini wake sanagulitsepo ngakhale dontho.

Koma funso lachiwiri ndi limene landikoka mtima. Johnnie Walker ndi mowa wosakaniza wa m'mafakitale ambiri. Wanuwo ndi single malt: wachokera pa fakitale imodzi, wapangidwa ndi chimera cha balere chokha, ndipo watchezedwa m'mapoto a mkuwa. Fakitaleyo ili m'tauni ya Campbeltown, kunsonga kwa dera la Kintyre, m'mbali mwa nyanja kumadzulo kwa Scotland. Inalandira chiphaso mu 1828, patapita zaka zochepa boma litapeputsa msonkho ndi lamulo la 1823, ndipo inamangidwa pamalo pamene Archibald Mitchell ankatchezera mowa mobisa. Mu 1837 John ndi William Mitchell anaitenga, ndipo mpaka lero ili m'manja mwa kampani ya J. & A. Mitchell. Sinamezedwe ndi makampani akuluakulu monga zinachitikira mafakitale ambiri a ku Scotland.

M'zaka za m'ma 1800 Campbeltown inali likulu la whisky. Mafakitale oposa 30 anatsegulidwa m'tauni yaying'onoyi, sitima zapamadzi zikututira migolo ku Glasgow. Ndiye zinthu zinatembenuka. Ena pothamangira ndalama anayamba kutcheza mosasamala n'kuipitsa mbiri ya tauni yonse, osakaniza mowa anayamba kukonda whisky yofewa ya dera lina la Scotland lotchedwa Speyside, mgodi wa malasha wapafupi unatsekedwa, America inaletsa mowa kuyambira 1920 mpaka 1933, ndipo chuma cha dziko lonse chinalowa pansi. Pofika 1934 kunatsala mafakitale awiri okha, Springbank ndi Glen Scotia. Nayo Springbank inatsekapo kuyambira 1926 mpaka 1933, n'kudzaimanso mu 1979 kwa zaka zambiri za m'ma 1980, whisky itachuluka pamsika kuposa ogula.

Chimene ndimailemekezera ndi chakuti itadzuka sinathamangire njira zachidule. Mafakitale ambiri lero amagula chimera chopangapanga, koma ku Springbank amapanga okha chonse. Amene anaonapo agogo akukonza chimera cha thobwa aizindikira ntchitoyi: balere amamunyika m'madzi, n'kumuyala pansi m'nyumba yaikulu kuti amere, anthu akumutembenuza kuti mizu isalukane, kenako n'kumuumitsa. Poumitsapo amayamba ndi utsi wa peat, dothi lakuda la m'madambo limene limayaka likauma, kwa maola ochepa chabe, n'chifukwa chake utsi umamveka patali m'mowamu osaphimba zina zonse. Katchezedwe kake nakonso n'kachilendo: gawo lina limatchezedwa kawiri, lina katatu, ndiye eni ake amati amatcheza kawiri ndi theka. Kuyambira pa chimera mpaka kuthira m'botolo, zonse zimachitikira pamalo amodzi, ndipo sathiramo mankhwala okometsera mtundu. Ntchito yamanja yotere siitulutsa mowa wambiri, pamene ofuna ali dziko lonse lapansi. Mtengo ukuchokera pamenepo.

Pa mapoto omwewo amatcheza mitundu inanso iwiri: Longrow, yautsi wambiri, kuyambira 1973, ndi Hazelburn, yopanda utsi, yotcheza katatu, kuyambira 1997. Onsewa ndi maina a mafakitale a m'taunimo amene anafa kale. Mu 2004 kampaniyi inatsegulanso fakitale ina ya m'taunimo, Glengyle, imene William Mitchell anamanga mu 1872 n'kutsekedwa mu 1925, ndipo mowa wake umagulitsidwa m'dzina la Kilkerran.

Ya zaka 15 yanuyo inakhwimira m'migolo imene munali sherry, vinyo wa ku Spain, ndipo mphamvu yake ndi 46%. Mudzamvamo mphesa zouma, kutsekemera kwa shuga wopserera, kautsi, ndi kamchere kumapeto. Kwa ine, pa msinkhu umenewu thabwa limakhala lagwira ntchito yake koma silinaphe kukoma kwa balere, ndipo sindiona chifukwa chosirira nambala yaikulu kuposa pamenepa.

Ngati mtima wanu uli pa ukwati, lisungeni, silidzawonongeka bola lisatsegulidwe. Liimikeni chilili, chifukwa likagona mowa waukali chonchi umadya chitsekerero. Likhale m'kabati yamdima, kutali ndi windo ndi kutentha kwa Okutobala. Tsiku lotsegulalo musathiremo Coca-Cola, chonde. Thirani pang'ono m'tambula, mununkhize, mulawe, kenako muwonjezere madontho ochepa a madzi kuti fungo lituluke. Botolo likafika pansi pa theka musalisiye chaka chinanso, popeza mpweya wolowamo umayamba kuzimitsa fungolo.