Kwa achimwene a kapeti ya muofesi yomwe yauma gwa ndi litsiro

Achimwene, ngati ndamva bwino funso lanu, mwapeza kontirakiti yokonza maofesi ena ku City Centre ku Lilongwe, kapeti yake ndi ya matailosi ija, mmakolido ndi pa lisepushoni yachita kuuma gwa ndi litsiro, munayesa Surf ndi bulashi ndi ndowa ya madzi koma patangotha masabata awiri kuda kwabwerera kuposa kale, nde mukufunsa kuti mugule mashini anji. Ndaona ena akuti gulani mashini a kampani ya Kärcher basi nkhani yatha. Ine ntchito imeneyi ndi yomwe imandidyetsa ndipo ndikukupemphani musathamangire kushopu kaye, chifukwa mutha kugula mashini odula zedi kapetiyo nkukhalabe yakuda ngati ndondomeko yake mwaiphonya.

Muyambe mwadziwa chomwe chili mu kapetimo. Gawo lalikulu la litsiro logwirana lija ndi louma, mchenga ndi fumbi la katondo lomwe anthu amalowa nalo kunsapato, kuyambira Ogasiti mpaka Novembala ndi fumbi lokhalokha, mvula ikagwa ndi matope. Limalowa pansi penipeni pa ulusi, anthu nkumapondapo tsiku ndi tsiku mpaka kutsendereka. Kenako pamabwera timafuta, ta phula la pamsewu, ta utsi wa magalimoto, ta zakudya zomwe anthu amadyera pa desiki, timeneti ndi tomwe timamata fumbi lija ku ulusi. Nde mukathira madzi musanachotse chouma chija, mwangoponda matope mkati mwa kapeti, ndipo katondo akanyowa amasiya kufiira kwake kovuta kuchotsa.

Za Surf, Omo kaya Sunlight ya mbale, chonde siyani. Sopo ameneyu anamupangira zinthu zoti mutsukuluza ndi madzi ambirimbiri, pomwe kapeti yomata pansi simungaitsukuluze choncho. Sopo otsalirayo akauma amakhala onanda ndipo fumbi lililonse lodutsa limakakamira pomwepo, nchifukwa chake kuda kunabwerera msanga chonchija. Panopa muli ndi ntchito ziwiri, kuchotsa litsiro ndi kuchotsa sopo wakaleyo. Jik nayenso ayi, pa nayiloni amasukulutsa mtundu ndipo ubweya wa nkhosa amachita kuudya.

Poyambira ndi huva, kapeti ili youma. Koma si huva iliyonse. Ija ya chidebe ngati Henry ndi yabwino pa kukonza kwa tsiku ndi tsiku, koma imangokoka za pamwamba, mchenga wotsendereka siingautulutse. Mukufunika huva yoimirira yokhala ndi bulashi yozungulira pansi, yoti izimenya ulusi mchenga uzidumpha nkumakokedwa. Muziyenda pang'onopang'ono, anyamata ambiri amathamanga nayo, mudutse chotalika kenako chopingasa, pakhomo ndi pa lisepushoni mubwereze kangapo, ndipo thumba musadikire kuti lidzaze chifukwa likamadzaza mphamvu yokoka imatsika. Pali mashini ena amati CRB, ali ndi mabulashi awiri ataliatali ozungulira mosemphana, amadzutsa ulusi wogona nkutulutsa mchenga ndi tsitsi nkuziponya mu timathireyi take. Pa kapeti ngati yanuyo ameneyu ndi amene amagwira ntchito yaikulu, ndipo mukamaliza muwaonetse abwana a paofesipo zomwe zatuluka, amayamba kukumvetsani pa nkhani ya mtengo.

Musanagule mankhwala dziwani ulusi wake. Tukulani tailosi imodzi muone kumbuyo, pena pamalembedwa. Mmaofesi ambiri kuno mumapezeka zija zolimba za Belgotex a ku South Africa monga Berber Point, zomwe ndi polypropylene (mtundu wina wa ulusi wa pulasitiki), kwina nayiloni, mmahotela ndi mma boardroom pena ubweya. Ngati sipanalembedwe, dulani kaulusi pakona pobisika muotche ndi machesi panja: ubweya umanunkha tsitsi lopsa nkusanduka phulusa lofumbutuka, nayiloni imasungunuka nkuuma kukhala kampira kolimba. Polypropylene mukaiponya mu kapu ya madzi imayandama. Izi nzofunika chifukwa cha pH yolembedwa pa chigubu cha mankhwala, nambala yosonyeza ukali wake: 7 ndi pakatikati, ikamakwera kupitirira apo ndiye kuti mankhwalawo akukulira mphamvu. Polypropylene imapirira mankhwala amphamvu, ndipo imawafunadi chifukwa imakonda kugwira mafuta. Nayiloni musapitirire pH 10. Ubweya umafuna ofatsa, kufupi ndi 7, mukauthira amphamvu umasanduka wachikasu kapena mtundu kuyenderera, ndipo mtengo wa kapeti ya ubweya ukhoza kumeza phindu lanu la chaka chonse.

Tsopano kutsuka kwenikweni. Katswiri wina wa ku Germany, Herbert Sinner wa kampani ya Henkel, anafotokoza mu 1959 kuti kutsuka kulikonse kumadalira zinthu zinayi, mankhwala, kutentha, kukwecha ndi nthawi, ndipo chimodzi chikachepa zinazo ziyenera kuwonjezeka. Ife kuno nthawi zambiri chomwe chimatisowa ndi madzi otentha, nde timalipira ndi kukwecha ndi nthawi. Anthu ambiri m'malo mwake amangowonjezera mankhwala, chigubu chati kapu imodzi iwo athira zitatu, nkubwereranso ku vuto lomwe lija la zotsalira. Sungunulani mankhwala a kapeti aja amati pre-spray monga alembera, m'madzi ofunda ngati alipo, muike mu sipuleya yopopa ndi dzanja (ikhale yatsopano, osati yomwe inalowapo mankhwala a kumunda), mupopere kachigawo kochepa koti mungakamalize, kapeti inyowe ulusi okha osati kuchita dziwe. Kenako kwechani kuti mankhwala alowe, ndipo muwasiye mphindi 10 mpaka 15 koma asaume. Akauma ndiye kuti litsiro lomwe linasungunuka lamatanso. Pokwecha CRB yomwe ija ndi yabwino kwambiri. Ngati mulibe, mashini opolishira pansi a disiki imodzi aja oyenda pang'onopang'ono, a 175 rpm (ozungulira ka 175 pa mphindi), amathandiza mukaikako bulashi yofewa ya kapeti, bola kapeti ikhale yonyowa ndipo musaime malo amodzi, polypropylene sichedwa kupsa ndi kukhulana ndipo chipsera chake sichichoka. Olo bulashi ya mpini wautali imagwira, kungoti msana umamva. Ena adzakuuzani za bonnet, kansalu kozungulira koika pansi pa mashini omwewo, kamapukuta pamwamba pokha, kapeti imaoneka bwino masiku ochepa koma za pansi zili pompo.

Mukatero mpomwe pamabwera mashini opopera madzi nkuyamwa aja, extractor. Ntchito yake ndi kutsukuluza ndi kukoka zomwe mwasungunula kale. Mu thanki muike madzi oyera, kapena ndi ka acid rinse pang'ono koti kaphe mphamvu ya mankhwala aja, osati sopo winanso. Pokoka wand, chitsulo cha kumapeto kwa payipi chomwe chimapopera ndi kuyamwa, ulendo umodzi mukupopera, maulendo awiri kapena atatu mukungoyamwa osapopera, ndipo mubwereze mpaka madzi obwerera mu payipi ayambe kuyera. Poti munathirapo kale Surf, thovu lidzatuluka lambiri, mugule defoamer, mankhwala opha thovu, muzithira mu thanki ya madzi akuda, thovu likakwera mpaka kulowa mu mota ndiye kuti mota wapita. Pa matailosi samalani kwambiri ndi madzi, amadutsa mmipata nkukasungunula guluu, matailosi nkuyamba kutukuka mmakona, komanso maofesi ena ali ndi mawaya a magetsi ndi a intaneti pansi pomwepo, funsani kaye. Matailosi ambiri kumbuyo kwake ndi phula, nde petulo, palafini kapena thinner pochotsa banga asayandikire, phulalo limasungunuka nkukwera pamwamba. Chingamu muumitse ndi ayezi nkupala. Toner wa fotokope akatayika, huva kaye ali wouma, madzi otentha amamumata ku ulusi.

Kuumitsa anthu amakupeputsa koma makontirakiti ambiri amathera pamenepa. Kapeti ikachedwa kuuma, madzi akamakwera kuchokera pansi amanyamula litsiro lotsala nkulisiya pamwamba pa ulusi, mmawa mupeza mabanga omwe munachotsa abwerera. Ikapitirira maola 24 ili yonyowa fungo la chuku limayamba ndipo anthu a mphumu muofesimo avutika. Cholinga chikhale choti iume mkati mwa maola 6 mpaka 12. Mafani ouzira pansi aja, air mover, ndi abwino, koma olo mafani wamba angapo, mawindo otsegula kapena AC yoyaka zimathandiza. Gwirani Lachisanu madzulo kapena Loweruka mmawa kuti pofika Lolemba ikhale itauma. Nthawi ya mvula, kapena anzathu a ku Blantyre kukakhala chiperoni, chepetsani madzi ndipo onjezani maulendo oyamwa. Miyendo ya matebulo ndi makabati achitsulo muike kapulasitiki pansi, dzimbiri pa kapeti yonyowa silichedwa.

Nde pa funso lanu la mashini. Kärcher Puzzi ndi Numatic George si oipa ayi, pa mipando, masofa, magalimoto ndi kaofesi kakang'ono ndi abwino zedi. Koma Puzzi 10/1 thanki yake ndi malita 10 ndipo imapopera mofatsa, pa floor yonse ya maofesi mudzachezera usiku onse kutunga ndi kutaya madzi. Pa ntchito yaikulu mufunika extractor ya mamota awiri oyamwa, thanki ya malita 30 kupita mtsogolo, pampu ya mphamvu yopopera yosachepera 100 psi. Musatengeke ndi ma watts olembedwa pa katoni, funsani za mphamvu yoyamwa, chifukwa mashini opopera kwambiri koma oyamwa mofooka ndi omwe amasiya kapeti ili chonyowa. Ya hita ndi yabwino pa mafuta koma ganizirani magetsi: pulagi yathu ya 13 amp imanyamula ma watts pafupifupi 3000 basi, mamota awiri ndi hita pa soketi imodzi zimagwetsa breaker, nchifukwa chake mashini otere amabwera ndi zingwe ziwiri zoti mulumikize mmasoketi a mizere yosiyana. Magetsi akathima muli pakati pa ntchito kapeti ili yonyowa, jenereta yaing'ono siingadzutse zonsezo, funsani ngati ofesiyo ili ndi yaikulu ndipo ngati amayatsa pa wikendi. Opanda hita mutha kumathira madzi ofunda mu thanki, bola osapitirira mulingo olembedwa mu buku lake. Ochokera ku Joni amabwera ndi pulagi ya mano ozungulira, musinthitse kwa odziwa magetsi, ma adapter otchipa aja amasungunuka.

Ndipo musanalipire funsani za maspeya. Mota, pampu, ma carbon brush, ma jet ndi mapayipi zimatha ndithu, ndipo ndi mmene forex ikuvutiramu mashini opanda dzina atha kukhala pakona miyezi kudikira kachitsulo kamodzi. Ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku UK kapena ku Joni a kampani yodziwika nthawi zambiri amaposa atsopano osadziwika kwawo, koma muwayatse pamaso panu, mutseke kukamwa kwa payipi ndi chikhatho mumve kukoka kwake, mununkhize mota ngati sakumveka kupsa, muone ngati pampu sikudontha. Pressure washer ya ku car wash ndi ka steam mop ka kunyumba, zimenezo pa kapeti yomata pansi ayi.

Ndikanakhala inu ndi ndalama zochepa, ndikanayamba ndi huva yoimirira yabwino, sipuleya, mankhwala enieni a kapeti, bulashi ndi mafani, extractor yaikulu nkuchita hayala pa ntchito yoyambayi nkuika mtengo wake mu quotation. Ntchito zikayamba kubwera, CRB kapena mashini a disiki, kenako extractor yanu.

China, muwauze abwanawo zoona musanayambe. Mchenga ukakhalitsa umakanda ulusi, nde mkolido momwe anthu ayenda zaka zambiri mutha kutsalabe kotuwa olo mutachotsa litsiro lonse, kumeneko ndi kutha kwa kapeti ndipo palibe mashini angabweze. Tsukani kaye kamalo kamodzi ka mita imodzi poipitsitsa aone okha zomwe zingatheke. Ubwino wa matailosi mutha kusinthanitsa, a mkolido apite pansi pa makabati, a pansi pa makabati abwere mkolido. Muwalimbikitsenso aike mamati aatali pakhomo, lina lokhakhala panja lina loyamwa madzi mkati, huva tsiku lililonse mnjira zodutsa anthu ambiri, ndipo pakati pa kutsuka kwakukulu muzichita encapsulation, mankhwala a madzi ochepa omwe amauma nkusanduka timchere tomwe huva imachotsa, mu ola limodzi kapena awiri anthu ayamba kuyendapo. Apo mwapeza kontirakiti ya mwezi ndi mwezi osati ya kamodzi.

Jambulani kumbuyo kwa tailosi imodzi ndi pamalo poipitsitsapo muponye pano, munenenso kuti malo onse ndi masikweya mita angati, ndikuuzani mankhwala oyenera ndi kukula kwa extractor yoti muchite hayala.