Aphunzitsi afunsa: kodi foni ingatiperekeze pamalo ankhondo ku Kasungu?

Aphunzitsi a pasukulu ina ya sekondale yoyendera ku Kasungu andilembera imelo. Akuti anaona pa YouTube alendo akuyenda ku Gettysburg, ku America, kumene kunachitika nkhondo yoopsa mu 1863. Aliyense foni m'manja, tomvera m'makutu, mawu akumuuza kuti apa panaima asilikali akuti, apo panathera anthu. "Ndasaka pa Play Store za kuno kwathu, sindinapeze kanthu," akutero. "Kodi malo otere tili nawo? Ndikufuna kutengako ana anga a Fomu 3."

Aphunzitsi, malo alipo, ena mumangowadutsa pa kabaza. Mawu oti foni iyankhule ndi omwe mufunika kuwasonkhanitsa nokha, pamodzi ndi anawo.

Za makina nzosavuta. Munthu amajambula mawu, gawo lililonse nkulimangirira pamalo ake pamapu. GPS ya mufoni ikaona kuti mwafika, mawu aja amayamba okha. GPS siidya bandulo, chimene chimadya ndi kukopera mawu ndi mapu musananyamuke. Pali mapulogalamu ngati izi.TRAVEL ndi VoiceMap omwe amalola munthu wamba kukonza ulendo wake. Koma kwa kalasi ya ana ambiri ndi mafoni owerengeka, ine ndingati musadzivute: jambulani ngati voisi noti, lembani dzina la malo pa fayilo iliyonse, gawanani pa Bluetooth kapena pa WhatsApp. Mukafika pamalopo, wina adina, onse amva.

Tsono nkhondo zake. Yoyamba ndi ya Achewa a Mwase ndi Angoni ochokera kumpoto, m'zaka za m'ma 1800. Madera ambiri Angoni akabwera anthu ankathawira kumapiri, koma Mwase Kasungu anali ndi mfuti zomwe ankapeza pa malonda a minyanga ndi amalonda odzera ku Nkhotakota. Anthu ake anagonjetsa gulu lankhondo lomwe ankatsogolera Nawambe, ndipo dzina loti Nguru ya Nawambe, lomwe Kamuzu anapatsa nyumba yake ya ku Kasungu, likuchokera pa nkhondo imeneyo. Funsani ana anu mawa m'kalasi kuti Nawambe anali ndani. Ambiri adziwa nyumbayo, munthuyo ayi. (Pajatu chaka chomwecho cha Gettysburg, 1863, David Livingstone anadutsa kwa Mwase. Anawo zimawasangalatsa zoterezi.)

Yachiwiri ndi ya mu Disembala 1895, mwezi womwe Mlozi, wamalonda a akapolo, anapachikidwa ku Karonga. Boma la Harry Johnston linali pa kalikiliki wothyola mafumu onse okana ulamuliro wa Angerezi. Mwase Chibisa anali atasunga Saidi Mwazungu, wamalonda a akapolo yemwe azungu ankamufuna, ndipo anakana kugonja. Asilikali anachokera ku Nkhotakota motsogozedwa ndi Alfred Swann ndi Edward Alston, nalanda mudzi wa mfumu. Chibisa anadzipha m'malo moti agwidwe. Linga lomwe azungu anamanga pambuyo pake analitcha Fort Alston.

Apa ndi pomwe ndikufuna muganizirepo mofatsa, aphunzitsi. Zolembedwa za nkhondo ya 1895 zambiri anazilemba ndi opambanawo, ndipo iwo amati anadzathetsa ukapolo. Mukakhala pakhonde ndi akuluakulu a kwa Mwase mumva za mfumu yomwe inakana kupereka dziko lake. Zonse ziwiri zili ndi choona mkati, chifukwa akapolo ankadutsadi panjira ya ku Nkhotakota, komanso azungu ankafunadi dziko. Vuto la mawu a mufoni nloti amamveka ngati chilungamo chomaliza, mwana sangawafunse. Choncho gawo lililonse liyambe nkunena woyankhula: awa ndi mawu a agogo a m'mudzi uno, izi nzomwe analemba msilikali wachingerezi. Chimodzimodzi za Nawambe. M'kalasi mwanu muli ana ochokera cha kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba, kufupi ndi Mzimba, ena agogo awo ndi Angoni. Akafunse kwawo, nazonso zilowe. Ulendo wongotamanda mbali imodzi ungokupatsani ana onyozana pobwerera.

Musanajambule aliyense, yambirani kwa amfumu. Pitani kwa nyakwawa, iwo akulozerani kwa agulupu, nkhani ikafike kwa Mwase mwa njira yake. Osapita chimanjamanja, ndipo osatumiza ana okha atanyamula foni. Akuluakulu ndiwo akakusonyezeni kuti mudzi wakale unali pati, mpanda unadutsa pati, komanso komwe simuyenera kuponda. Ena mwa malowa ndi manda, ndipo kumanda kwa Achewa nkudambwe. Mwana wosavinidwa kulowa m'nkhalango yotere chifukwa kadontho ka pamapu kamuuza kuti apite kutsogolo, mlandu wake mulipira ndinu. Ku Nguru ya Nawambe nakonso nkwa eni ake, mupemphe kaye.

Nkhalamba ikamayankhula musaidule. Foni muyiike pa mpando pafupi ndi pakamwa, muitseke isalandire makolo, kunsi kwake muvekeko sokosi yoyera kuti mphepo isaphulike m'mawu. Agogo akayamba nyimbo pakati pa nkhani, asiyeni aimbe, nthawi zambiri gawo limenelo ndi lomwe ana amalikumbukira. Kudula mudzadula kunyumba, gawo lililonse lisapitirire mphindi ziwiri kapena zitatu, poti munthu woima padzuwa samvera ulaliki. Afunseninso ngati akulola kuti mawu awo ayende m'mafoni a anthu, akakana basi.

Poyambira ndingasankhe pamwamba pa phiri la Kasungu. Chigwa chonse chimaoneka, ndipo ana akayang'ana kummawa, komwe kunachokera asilikali a ku Nkhotakota, aona okha chifukwa chake mfumu inakhala patsinde pa phiri limeneli. Nyamukani m'mamawa, pakati pa Meyi ndi Ogasiti, udzu utagwa, kusanatenthe ngati mu Okutobala. Nthawi ya fodya anthu amakhala m'zigafa, simuwapeza.

Ndalama zikalola, tsiku lina mudzapite ku Kasungu National Park, komwe kuli ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo ndi mabwinja a midzi ya mipanda. Kumeneko foni siilowa m'malo mwa msilikali wa paki, kuli njovu. Ndipo mwana akatola phale, mkanda kapena kachitsulo, ajambule chithunzi nkukasiya pomwepo. Malamulo a dziko lino saloleza kuchotsa zinthu zakale pamalo pake, ndipo mukapeza chachilendo muuze a Dipatimenti ya Museums and Monuments ku Lilongwe.